Pampu ya m'thanki ikakhala chete: chimene chimapsereza mawaya ndi kakonzedwe kake ku Chitungwiza

CHITUNGWIZA, Zimbabwe — Galimoto imene idayenda bwino dzulo, koma lero sitata ikungolira injini osadzuka, imagamulidwa mlandu msanga: pampu ya mafuta yafa. Mwini wake amathamangira kukagula ina, makaniko amaiika, galimoto imayenda sabata ziwiri kapena mwezi, kenaka imazimanso pakati pa msewu wa Seke. Kawirikawiri pampu yoyamba ija imakhala kuti idalibe mlandu. Chimene chidapsa ndi pulagi ya magetsi yokhala pamwamba pa thanki, kapena kawaya kotsikira m'kati mwa petulo, ndipo pampu yatsopanoyo idangolumikizidwa pa bala lakale lomwelo.

Nkhaniyi ili ndi kulemera kwake m'tauni ino. Chitungwiza idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare. Mumakhala anthu oposa 350,000, ena mwa iwo ana ndi zidzukulu za Amalawi amene adabwera kudzafuna ntchito m'masiku a atsamunda. Ambiri amagona kuno koma chakudya amachisaka ku Harare. Njanji yolumikiza mizinda iwiriyi, imene idayamba kukambidwa m'zaka za m'ma 1980, sidamangidwe, choncho ulendo wa m'mawa ndi wa madzulo uli m'manja mwa minibasi ndi tigalimoto togwirapo kale ntchito tochokera ku Japan, monga Honda Fit ndi Toyota Wish, timene ambiri amanyamulira anthu popanda chilolezo. Eni dziko amatitcha mushikashika. Galimoto yotere ikagona tsiku limodzi, banja lathunthu limagona ndi njala.

Mu 2021 boma la Zimbabwe lidaletsa kuitanitsa galimoto zakale zopitirira zaka 10. Chotsatira chake n'chakuti zimene zidalowa kale ziyenera kutumikira nthawi yaitali, pamodzi ndi mawaya ake amene akukalamba. Chaka chomwecho boma lidalengezanso kuti misewu ya m'dzikoli yafika pa ngozi yofuna chithandizo chapadera. Dzenje lililonse la pamsewu limagwedeza pulagi ndi timano take.

Chimene chili m'kati mwa thanki

Galimoto zakale za kabureta zidali ndi pampu yomangirira pa injini, yoyendetsedwa ndi injini yomweyo. Galimoto za masiku ano zimapopera petulo kudzera m'mainjekita, ndipo zimafuna kuti mafuta afike ndi mphamvu yaikulu, pafupifupi ma-bar atatu kapena anayi pa galimoto zambiri zazing'ono. Pampu imagwira bwino ntchito pokankha kusiyana ndi pokoka, n'chifukwa chake opanga galimoto adaimiza m'thanki momwemo.

Imeneyi ndi mota yaing'ono ya ma-volt 12. Petulo amalowera pansi pake kudzera pa kasefa konga kathumba, nadutsa m'kati mwenimweni mwa motayo, n'kutulukira pamwamba. Podutsapo amaiziziritsa ndi kuifewetsa. Pampuyo sikhala yokha. Imamangidwa pamodzi ndi kachoyandama kamene kamauza geji kuchuluka kwa mafuta, ndipo zonsezi zimalendewera ku chivindikiro cha pulasitiki kapena chachitsulo chotseka pakamwa pa thanki. Pa chivindikirocho ndi pamene pali pulagi, nthawi zambiri ya mano anayi kapena asanu. Mawaya awiri onenepa ndi a pampu, ang'onoang'ono ndi a geji. Kunsi kwa chivindikiro kuli pulagi inanso, ndi mawaya afupiafupi amene amakhala moyo wawo wonse ali m'petulo kapena m'nthunzi yake.

Munthu akamva izi koyamba amafunsa kuti bwanji thanki siphulika, popeza mota yotere imathetheka m'kati ikamazungulira. Yankho lagona pa mpweya. Nthunzi ya petulo imayaka pokhapokha itasakanizika ndi mpweya pamlingo wapakati pa magawo pafupifupi 1.4 ndi 7.6 pa 100 alionse. M'thanki yotseka nthunziyo imachuluka kupitirira mlingo umenewu, motero moto umasowa mpweya woupatsa moyo. Chitetezo chimenechi chimatha nthawi yomwe chivindikiro chatsegulidwa. Pamenepo mpweya umalowa, ndipo pakamwa pa thanki pamasanduka malo oopsa koposa m'galaja yonse. Thanki yopanda mafuta siposa yodzaza pa chitetezo: madzimadzi atha, koma nthunzi ikadalimo, ndipo tsopano yapeza mpweya.

Chifukwa chake pulagi imapsa

Pampu yabwino ya galimoto yaing'ono imakoka magetsi apakati pa ma-amp anayi ndi asanu ndi atatu, ndipo imatero mosapuma injini ikamayenda. Magetsi onsewa amadutsa pa kamano ka mkuwa kochepa m'lifupi kuposa chikhadabo cha mwana. Kamanoko kakagwirana zolimba ndi kanzake, palibe vuto. Koma kakakhwefuka chifukwa cha kugwedezeka, kapena kakachita dzimbiri, magetsi amayamba kudutsa movutikira, ndipo kuvutikira kumeneko kumasanduka kutentha.

Masamu ake ndi achidule. Tinene kuti pampu ikukoka ma-amp 6, ndipo dzimbiri laika chopinga cha theka la ohm pa kamano kamodzi. Pamalo pamenepo pamatayika ma-volt atatu, choncho pampu imalandira pafupifupi 11 m'malo mwa 14 amene alternator ikupereka. Mphamvu yotayikayo ndi ma-watt 18, pafupifupi yofanana ndi ya babu la indiketa, koma yonse itaunjikana pa kachitsulo kamodzi kozingidwa ndi pulasitiki. Kutentha kumafooketsa kasipuling'i kogwira mano, mano amakhwefuka koposa, chopinga chimakula, kutentha kumawonjezeka. Pomaliza pulasitiki imada n'kusungunuka. Apa ndi pamene pamachokera galimoto imene imadzuka bwino m'mawa kukuzizira, n'kuzima itayenda mphindi makumi awiri, kenaka n'kudzukanso ikapuma pamthunzi.

Pali zinthu zimene zimafulumizitsa matendawa. Sefa yotsekeka imakakamiza pampu kukankha molimba, ndipo pampu yokakamizidwa imakoka magetsi ambiri. M'zaka za kusowa kwa mafuta, monga 2007 ndi 2008, ndiponso 2018 ndi 2019, oyendetsa galimoto ambiri ankagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Liwu lakuti chigubu ndi limodzi m'Chishona ndi m'Chichewa, ndipo zimene chigubucho chimabweretsa n'zimodzinso: mchenga, fumbi ndi madzi. Chizolowezi chothira malita awiri kapena atatu pa ulendo uliwonse, chimene woyendetsa mushikashika sangachipewe mosavuta, chimasiya pampu ikumeza mpweya pokhota ndi pokwera, pamene mafuta ochepawo akuthawira mbali imodzi.

China ndi ethanol. Zimbabwe idayamba kukakamiza kusakaniza petulo ndi ethanol mu 2013, wambiri wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo mlingo wake wakhala ukusinthasintha mpaka kufika magawo 20 pa 100 alionse nyengo zina. Kwa Amalawi izi si zachilendo, pakuti fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa idayamba ntchito mu 1982. Si chilungamo kukankhira ethanol mlandu wa pampu iliyonse yakufa, monga ena amachitira pokambirana pa malo okwerera minibasi. Komabe n'zoona kuti ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo wokhala ndi madzi amadutsitsa magetsi pang'ono kuposa petulo wouma. Timano ta mkuwa tokhala ndi magetsi m'madzimadzi otere timadyeka msanga, ndipo labala ndi pulasitiki zina zakale zimafufuma kapena kuuma.

Kunja kwa thanki adani ndi odziwika: madzi a mvula olowa pansi pa kapeti, makoswe otafuna mawaya, ndi dzanja la munthu amene adakoka pulagi pogwira mawaya m'malo mokanikiza kaloko kake.

Kuyeza kusanayambe kugula

Poyamba ndi khutu. Kiyi akatembenuzidwa kufika poyatsa magetsi a pa dashibodi, pampu imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Ikakhala chete, makaniko wosamala amayamba ndi fyuzi ndi relay, zimene n'zotchipa ndi zosavuta kufikira, asadakhudze thanki.

Pambuyo pake amafika pa pulagi. Pa galimoto zambiri, monga Toyota Corolla, kachitseko kofikira pa pampu kali pansi pa mpando wakumbuyo. Honda Fit ndi yosiyana, ndipo yasocheretsa ophunzira ambiri: thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo pampu imafikiridwa pochotsa chophimba cha pakati pa mipandoyo. Pa Fit za hybrid pali mawaya a mtundu wa lalanje onyamula magetsi amphamvu kwambiri, amene sayenera kukhudzidwa ndi munthu wosaphunzira ntchito yake.

Pulagi ikazulidwa, maso ndi mphuno zimanena zambiri. Pulasitiki yakuda kapena yopindika mozungulira dzino limodzi, mkuwa wobiriwira, fungo la kupsa, kapena dzino limene labwerera m'mbuyo, zonsezi ndi umboni. Koma cholakwa chofala ndi ichi: munthu amaika mita pa pulagi yozulidwa, napeza ma-volt 12, n'kunena kuti magetsi alipo, vuto ndi pampu. Mita imakoka magetsi ochepa zedi, kotero ngakhale waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa amaonetsa 12. Kuyeza koona kumachitika pulagi ili yolumikiza ndipo pampu ikuyenda. Nsonga imodzi ya mita imakhala pa batire, inayo kumbuyo kwa pulagi pa waya wobweretsa magetsi. Zotayika m'njira zisapitirire theka la volt. Kenaka waya wa earth amayezedwa chimodzimodzi, ndipo pamenepo zotayika ziyenera kuchepa kuposa apo. Earth imaiwalika kawirikawiri, chonsecho bawuti yake yadzimbiri pa thupi la galimoto imafooketsa pampu mofanana ndi pulagi yopsa. Galimoto zina zatsopano zili ndi kabokosi kamene kamachepetsa dala magetsi opita ku pampu injini ikamayenda pang'onopang'ono, choncho pa zimenezo nambala yotsika si umboni wa vuto payokha.

Si nthawi zonse pamene mawaya ali olakwa. Mu 2020 makampani a Toyota ndi Honda adaitanitsa galimoto zambirimbiri m'maiko osiyanasiyana chifukwa cha mapampu a Denso amene kagudumu kake kapulasitiki kankafufuma n'kukakamira. Pampu imafadi. Chofunika n'chakuti imfa yake itsimikizidwe isadaikidwe m'manda.

Chivindikiro chisadatsegulidwe

Mapaipi a mafuta amasunga mphamvu ngakhale injini itazima. Njira yoichotsera ndi kuzula fyuzi kapena relay ya pampu, kuliza injini mpaka izime yokha, kenaka kumasula waya wa negativu pa batire. Paipi imavulidwa itakulungidwa ndi nsanza. Ntchitoyi imafuna pabwalo, zitseko zonse zili zotsegula, pakuti nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya: imatsikira pansi, imadzaza m'dzenje lokonzera galimoto, ndipo imakwawa mpaka kukapeza mbaula ya wowotcha chimanga kapena wowotcherera zitsulo amene ali pamtunda wooneka ngati wautali. M'malo monga ku Chikwanha kapena ku Makoni, kumene ntchito zosiyanasiyana zimachitikira pafupipafupi, ichi ndi chenjezo loyamba. Fodya asayandikire, ndipo chozimira moto cha ufa chikhale pafupi. Madzi amangomwaza petulo woyaka.

Fumbi la pamwamba pa chivindikiro lipukutidwe chisadatsegulidwe, kuti lisagwere m'thanki. Mkombero womanga chivindikiro umamasulidwa ndi chida chake, ndipo ngati palibe, ndi kamtengo kolimba kapena chitsulo cha brass. Tchizulo chachitsulo ndi hamala zimathetheka. Pampu ikatuluka, pakamwa pa thanki pavindikiridwe, ndipo ntchito yonse yotsala ichitikire kutali.

Kukonza kunja, kukonza m'kati

Kunja kwa thanki ntchito ndi yodziwika. Pulagi yopsa siyeretsedwa n'kubwezedwa, chifukwa kasipuling'i kamene kadatenthedwa sikadzagwiranso zolimba, ngakhale katapinidwa ndi singano. Imadulidwa, ndipo waya amasendedwa mpaka pofika pa mkuwa wowala. Mkuwa wakuda kapena wouma ngati udzu udapsa kale, ndipo kulumikizapo ndi kumanga nyumba pa chiswe. Pulagi ina, yatsopano kapena yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa bola mano ake ali oyera, imalumikizidwa ndi waya wonenepa mofanana ndi wakale kapena kuposerapo pang'ono. Mfundo zake zimafinyidwa ndi pulayala yopangidwira ntchitoyo, n'kuphimbidwa ndi kapaipi kofota ndi kutentha, ndipo zisakhale zonse pamalo amodzi kuti zisakhudzane. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira mpaka pa dzenje lachitatu.

Mano a pa chivindikiro nawo aonedwe. Ngati dzino lapsa kufikira posungunula pulasitiki yolizinga, chivindikirocho chatha ntchito, pakuti pamenepo padzatulukira nthunzi kapena petulo amene, pafupi ndi magetsi, m'kati mwa galimoto yonyamula anthu. Kumata ndi guluu kapena silikoni si kukonza. Chivindikiro chotere chimasinthidwa.

M'kati mwa thanki malamulo ndi ena, ndipo pano ndi pamene amisiri abwino amasiyanirana ndi ongoyerekeza. Waya wamba wa galimoto amakutidwa ndi pulasitiki ya PVC, imene ikakhalitsa m'petulo imauma n'kung'ambika, mkuwa n'kutsala pamtunda. Waya woyenera ndi wokutidwa ndi PTFE, imene ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Teflon, kapena pulasitiki zina za mtundu womwewo. Kumene waya wotere sapezeka m'sitolo, njira yanzeru ndi kutenga timawaya ta m'kati mwa pampu ina yakale, popeza tidapangidwira malo omwewo. Tepi yakuda ilibe malo m'thanki: ulimbo wake umasungunuka, tepiyo imamasuka n'kukamatirira pa kasefa. Kapaipi wamba kofota ndi kutentha kamafufuma n'kuvuka. Silikoni amafewa n'kusanduka zinyenyeswa zotseka mainjekita.

Chabwino koposa ndi kusintha kawaya konse kuchokera pa chivindikiro kufika pa pampu, kuti pasakhale mfundo pakati. Timano take timafinyidwa zolimba, n'kukokedwa ndi dzanja kuti zitsimikizike kuti tagwira. Amisiri amatsutsana pa za kumata ndi mtovu. Mtovu suopa petulo, koma umaumitsa waya pamalire a mfundo, ndipo pamalo pouma ndi pamene kugwedezeka kumathyola. Pa misewu ya kuno kufinya kwabwino kumaposa. Amene wasankha mtovu achite zimenezo kutali ndi thanki, zipangizo zitauma ndipo fungo la petulo litatha. Mawaya ayalidwe mosakhudza mkono wa kachoyandama, apo ayi geji idzanama ndipo waya adzakhuzika. Waya wa positivu ndi wa negativu asasinthane, chifukwa mota idzazungulira chobwerera, ikulira bwinobwino koma osatulutsa mafuta.

Ngati kapaipi kalabala kolumikiza pampu ndi chivindikiro kasinthidwa, kakhale kolembedwa SAE J30R10, kamene kamapirira petulo m'kati ndi kunja komwe. Paipi ya mafuta wamba idapangidwa kuti petulo adutse m'kati mokha, ndipo ikamizidwa imafufuma n'kuphulika, galimoto n'kuyambanso zizindikiro za pampu yakufa. Kasefa ka pansi ndi labala wotseka pakamwa pa thanki ndi zotchipa, ndipo kubwezera zakale n'kudziitanira ntchito yachiwiri.

Njira zachidule ziwiri zimene zimapha

Yoyamba ndi fyuzi. Ikamapsa mobwerezabwereza, ena amaika yaikulu, ena amalumikiza ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi imapsa pofuna kuti waya asapse. Ikachotsedwa pa udindo umenewu, chimene chimatsala kuti chipse ndi waya wodutsa pansi pa kapeti kupita pamwamba pa thanki.

Yachiwiri imaoneka ngati luso, ndipo n'chifukwa chake ili yoopsa koposa. Makaniko akalephera kupeza podukira, amakoka waya watsopano kuchokera pa batire kapena pa kiyi molunjika ku pampu, mwina n'kuika kaswitchi pansi pa chiwongolero. Galimoto imadzuka, mwini wake amakondwa. Chimene chatayika sichioneka. Pa mawaya a ku fakitale, kompyuta ya injini ndiyo imalamula relay, ndipo imadula magetsi a pampu injini ikangosiya kuzungulira. Galimoto ikachita ngozi paipi n'kuduka, pampu imaima m'masekondi ochepa. Pa galimoto yolumikizidwa molunjika, pampu imapitiriza kukhuthula petulo pa malo a ngoziyo, lita imodzi kapena kuposerapo pa mphindi iliyonse, anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri akulimbana ndi zitseko. Ngati waya wakale waoladi m'njira yonse, watsopano akhoza kukokedwa, koma achokere pa relay, adzere pa fyuzi ya mlingo woyenera, ndipo lamulo likhalebe m'manja mwa kompyuta.

Pampu isayesedwe pogunditsa mawaya pa batire pafupi ndi thanki yotsegula, ndipo isayendetsedwe youma kupitirira kamphindi. Zonse zikabwerera m'malo mwake, batire imalumikizidwa, kiyi amatembenuzidwa kawiri kapena katatu osaliza injini kuti mapaipi adzaze, ndipo makaniko amayang'ana ndi kununkhiza mozungulira chivindikiro kachitseko kasadatsekedwe. Injini ikadzuka, kuyeza kwa zotayika m'njira kumabwerezedwa mbali zonse ziwiri. Galimoto ikayenda mphindi khumi ndi zisanu, chala chiikidwe pa pulagi yatsopanoyo. Iyenera kukhala yozizira monga pulasitiki yoizungulira.